Funsani Tikuyankheni: Agogo anapita kunkhondo, nanga mapepala awo ali kuti?

Makalata ambiri omwe tinalandira mwezi uno ndi a anthu omwe akufufuza za makolo awo omwe anatumikira pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu zija, ya 1914 mpaka 1918 ndi ya 1939 mpaka 1945. Tasankhapo asanu, ndipo ena tawafupikitsa pang'ono.

FUNSO: Zikomo akuluakulu. Agogo anga aamuna, bambo awo a mayi anga, anali msilikali wa Keyala ndipo amati anakamenya nkhondo ku Burma. Anatisiya ine ndili wamng'ono, chomwe chinatsala ndi mamendulo awiri komanso chithunzi chimodzi atavala yunifomu basi. Ndalemba dzina lawo pa Google kangapo konse koma palibe chikutuluka. Ndiyambire pati? *Mdzukulu wa msilikali*

YANKHO: Achimwene, Google muyambe mwaisiya kaye, chifukwa dzina lokha silingakufikitseni patali. Gulu la nkhondo silinkasunga munthu ndi dzina, linkamusunga ndi nambala, ndipo pa mapepala onse a malipiro, a chipatala, a mamendulo, chomwe sichinkasintha ndi nambalayo. Nde ntchito yanu yoyamba ndi kusaka nambala mnyumba momwemo. Funsani amayi anu ndi azakhali ngati pali kabuku komwe agogo anapatsidwa potuluka usilikali, kalata ya penshoni, kapepala kalikonse kakale komwe kali ndi chidindo, ngakhale kumbuyo kwa chithunzi chomwe mwatchulacho mutembenuze muone. Mukaipeza muikopere yonse mmene ilili, kuphatikizapo zilembo zomwe zimakhala kutsogolo kwa manambalawo, musazisiye poganiza kuti ndi zopanda ntchito.

Za dzina ndikuchenjezeni pompano. Anyamata ambiri polowa usilikali ankapereka dzina lina osati lomwe ankadziwika nalo kwawo, ena ankalembetsa dzina lawo loyamba kenako la bambo awo ngati lachiwiri, mfunda osautchula nkomwe, ndipo kalaliki ankalemba mmene wamvera, L ndi R kusinthanitsa, W kusanduka V kapena B, dzina limodzi kulidula pawiri. Choncho lembani papepala maina onse omwe agogo anaitanidwapo pamoyo wawo, la ubwana, la ubatizo ngati linalipo, la bambo awo, la mfumu ya mudzi wawo ndi boma lomwe ankachokera, chifukwa izi ndi zomwe ankafunsa polemba munthu usilikali, ndipo posaka muziyesa kalembedwe kosiyanasiyana.

Mamendulo aja ndi umboni ndithu koma musadabwe mukaona kuti alibe dzina. Mamendulo a Britain a nkhondo yoyamba ankadindapo dzina, nambala ndi gulu la msilikali mmbali mwake, koma a nkhondo yachiwiri ambiri anaperekedwa opanda kanthu. Chomwe chingakuuzeni nkhani ndi mtundu wake komanso kansalu kake. Ngati pali nyenyezi yolembedwa kuti The Burma Star, kansalu kake kabuluu wodera, pakati pofiira, ndi timizere ta olenji, ndiye kuti za ku Burma zija ndi zoona. Ya The Africa Star kansalu kake nkotuwira ngati mchenga, pakati pofiira, ndipo imeneyo ikusonyeza kuti anayamba amenya kuno ku Africa, monga nkhondo yolimbana ndi Mataliyana ku Somaliland ndi ku Abyssinia (pano ndi Ethiopia) yomwe inathera ku Gondar mu Novembala 1941.

Asilikali a King's African Rifles (ndiyo Keyala ija) ambiri omwe anapita ku Burma anali mu 11th East Africa Division, yomwe inakhazikitsidwa mu 1943, inakaphunzira kaye ku Ceylon, komwe pano ndi Sri Lanka, kenako mu 1944 nkulowa mchigwa cha Kabaw nthawi ya mvula yamphamvu, matope, malungo, mpaka kukafika pa mtsinje wa Chindwin. Ndatchula zimenezi chifukwa mukangodziwa batalioni ya agogo, pali chinthu china chokoma chomwe chimatseguka. Batalioni iliyonse inkalemba buku la tsiku ndi tsiku, azungu amati war diary, lofotokoza komwe agona, komwe amenyana, angati avulala, angati adwala. Mabuku amenewa ali ku The National Archives ku Kew, mu London. A ku Burma ali mu mndandanda wa WO 172, a ku East Africa muwasake mu WO 169. Zoona zake nzakuti msilikali wamba satchulidwa dzina kawirikawiri mmenemo, amatchulidwa kwambiri ndi ma ofesala, koma mudzadziwa kuti tsiku lakutilakuti agogo anali pa phiri lakuti ndipo kunachitika zakuti, ndipo kwa ine zimenezo ndi zazikulu kuposa dzina longolembedwa pa mndandanda. Ngati anapatsidwa mendulo ya kulimba mtima, yang'anani mu WO 373, mmenemo muli makalata omwe akuluakulu awo ankalemba kufotokoza zomwe munthuyo anachita, ndipo mumapezeka maina a asilikali akuda ndithu.

Kuno kwathu lemberani kalata ku National Archives of Malawi ku Zomba, ku Malawi Defence Force poti batalioni yoyamba ya Keyala ndi yomwe inasanduka Malawi Rifles mu 1964, komanso ku bungwe la asilikali opuma la Veterans and Ex-Service League of Malawi. Mukalata yanu muike nambala, maina onse aja, boma, ndi zaka zomwe mukuganizira. Koma chonde zonsezi zisakuchedwetseni pa chinthu chomwe sichidikira. Ngati pali gogo wina aliyense wamoyo yemwe anawamvapo akukamba za kunkhondo, pitani sabata ino ndi foni yanu mukajambule mawu. Mufunse zinthu zing'onozing'ono, anakwera sitima yapamadzi kuti, anatha zaka zingati, anabwera ndi chilonda pati, mnzawo wapamtima anali ndani, mzungu yemwe ankawalamulira ankamutchula kuti chani. Mapepala a ku Kew adzakhalapobe chaka chamawa.

FUNSO: Ine ndinakwatiwa ku banja lomwe mbali ina makolo awo anachokera ku Scotland. Apongozi anga aakazi amati agogo awo anali nesi pa nkhondo yoyamba ija ndipo pali chithunzi atavala epuloni yoyera ya mtanda pachifuwa. Ndikufuna ndiwafufuzire ngati mphatso poti akula ndipo amaikamba kwambiri nkhaniyi. Tasaka dzina lawo pa mndandanda wa manesi a asilikali koma mulibe. *Mtengwa wofuna kuthandiza*

YANKHO: Mayi, mwaganiza bwino kwambiri, ndipo ndikuona ngati mwasaka pa khomo lolakwika chabe. Anthu akamati "anali nesi kunkhondo" amaphatikiza magulu angapo omwe mapepala awo ali malo osiyana, nde tiyeni tiwalekanitse.

Panali manesi ophunzira ntchito mokwanira omwe anali pansi pa gulu la nkhondo. Awa ndi a Queen Alexandra's Imperial Military Nursing Service (mwachidule QAIMNS), yomwe inayamba mu 1902, ndi a Territorial Force Nursing Service ya mu 1908. Nkhondo ikuyamba mu 1914 manesi okhazikika a gulu loyambalo anali osakwana 300, ena masauzande ambiri analowa ngati a Reserve nkhondo ili mkati. Mafayilo awo, opitilira 15,000, ali ku Kew mu WO 399, ndipo fayilo ikapezeka imakhala yonona ndithu, muli chipatala chomwe anaphunzira, malo onse omwe anatumizidwa, malipoti a ma matron onena za khalidwe ndi kagwiridwe kake ka ntchito, nthawi zina mpaka makalata olemba yekha ndi dzanja lake. Pa chithunzi manesi amenewa amadziwika ndi kansalu kapamapewa, a QAIMNS okhazikika kofiira, a Reserve kotuwa kokhala ndi mkombero wofiira, a Territorial kali ndi kachilembo ka T kasiliva pa ngodya.

Koma inu mwatchula epuloni ya mtanda pachifuwa, ndipo imeneyo kawirikawiri inali ya a Voluntary Aid Detachment, ma VAD. Awa anali ongodzipereka kudzera ku British Red Cross ndi Order of St John, dongosolo lomwe linayamba mu 1909, ambiri sanali manesi a satifiketi, ankaphunzira chithandizo choyamba ndi kasamalidwe ka odwala kenako nkumathandiza mzipatala, ena kuphika, ena kuyendetsa ambulansi. Amenewa mu WO 399 simungawapeze. Makhadi awo ali ndi a British Red Cross, anthu oposa 90,000 anatumikira mwa njira imeneyi, ndipo makhadiwo anawaika pa intaneti moti mutha kusaka muli pakhomo. Khadi limakhala ndi adiresi, masiku omwe anayamba ndi kumaliza, chipatala, ntchito yomwe ankagwira, ena mpaka maola omwe anagwira.

Poti ndi a ku Scotland musaiwalenso a Scottish Women's Hospitals, omwe anayambitsa Dr Elsie Inglis mu 1914, anali ndi zipatala zoyendetsedwa ndi amayi ku France monga cha ku Royaumont komanso ku Serbia, ndipo sanali pansi pa gulu la nkhondo la Britain, kotero maina awo amasakidwa paokha.

Tsono vuto lomwe limagwetsa anthu ambiri pofufuza amayi ndi ili, mwasaka ndi dzina liti? Apongozi anu amawadziwa agogo awo ndi dzina la kubanja, pomwe nthawi ya nkhondoyo mwina anali asanakwatiwe, ndipo manesi okhazikika a asilikali ankayenera kukhala osakwatiwa kapena amasiye. Pezani kaye satifiketi ya ukwati wawo pa ScotlandsPeople, webusaiti ya makaundula a boma la Scotland, pamenepo padzakhala dzina lawo la kwa makolo, nde mubwerere pa makhadi aja ndi dzina limenelo. Ngati anapitiliza unesi nkhondo itatha, lamulo lolembetsa manesi linabwera mu 1919 ndipo Scotland inali ndi kaundula wakewake wosiyana ndi wa England ndi Wales, mmenemo mumalembedwa chipatala chomwe munthu anaphunzira ndi zaka zake. Ngati kubanjako kuli mphekesera ya mendulo, ya manesi inali Royal Red Cross yomwe inayamba mu 1883, ndipo olandira ankalengezedwa mu London Gazette, nyuzipepala ya zilengezo za boma la Britain, yomwe kusakamo ndi kwaulere.

FUNSO: Nanga amayi akuda? Agogo anga aakazi ankati ali mtsikana ankasamalira asilikali ovulala ndi odwala pa chipatala cha mishoni. Iwowa angapezeke pa mindandanda ya manesi a nkhondo? *Namwino mnzawo wa lero*

YANKHO: Achemwali, pa mindandanda ya asilikali ija ayi, musataye nthawi yanu kumeneko. Anthu akuda omwe analembedwa ndi gulu la nkhondo pa ntchito ya chipatala anali amuna, othandiza madokotala kumanga mabala ndi kunyamula ovulala, monga a African Native Medical Corps omwe ambiri anachokera ku Uganda pa nkhondo yoyamba, ndi a East African Army Medical Corps pa yachiwiri. Mayi yemwe ankagwira ntchito pa chipatala cha mishoni anali wantchito wa mishoniyo, nde mapepala ake ngati alipo ali ku mpingo. Bungwe la Nurses and Midwives Council lomwe inu munalembetsako linabwera dziko litalandira kale ufulu, choncho nalonso silifika zaka zimenezo.

Dziwani kaye kuti inali mishoni ya mpingo uti, kenako mufunse ku likulu la sinodi kapena dayosizi za mabuku a chipatala, mabuku a malipiro, kaundula wa ophunzira ndi malipoti a pachaka omwe ankatumiza kwawo. Mapepala ambiri a mishoni za Scotland ali ku National Library of Scotland mu Edinburgh, a UMCA, mishoni ya Anglican, ali ku laibulale ya Bodleian mu Oxford. Mmalipoti amenewa amayi othandiza ankangotchulidwa ndi dzina loyamba la ubatizo, nthawi zina mzere umodzi wokha, ndiye buku la ubatizo ndi la maukwati la pa mishoni yomweyo likuthandizani kutsimikiza kuti wotchulidwayo ndi agogo anudi. Zimandiwawa kuti amayi omwe anachapa mabandeji ndi kugona pambali pa anthu akumwalira analembedwa mwa njira imeneyi, koma mzere umodziwo ukapezeka ndi wanu, muusunge.

FUNSO: Kwathu timauzidwa kuti agogo awo a bambo anga anatengedwa pa nkhondo ya Chiwaya kukanyamula katundu ndipo sanabwerenso. Mwana wanga wasaka pa webusaiti ya manda a asilikali ndipo dzina mulibe, pano akuti mwina ndi nthano chabe. Zandikhudza kwambiri. Kodi nzotheka munthu kufera kunkhondo osalembedwa paliponse? *Bambo wodandaula*

YANKHO: Bambo, pepani kwambiri, ndipo mwana wanuyo mumuuze kuti nzotheka, zinachitikira anthu ochuluka zedi. Kusowa kwa dzina pa webusaiti imeneyo sikukutsutsa zomwe makolo anu anakuuzani ngakhale pang'ono.

Nkhondo ya ku East Africa inkayenda pa mitu ya anthu. Misewu kunalibe, ng'ombe ndi mahatchi zinkafa ndi kashembe, nde chakudya, zipolopolo, mahema, zonse ankasenza ndi a tengatenga. Kuchokera pomwe anamenyana ku Karonga pa 9 Seputembala 1914 mpaka pomwe mkulu wa asilikali a Germany, von Lettow-Vorbeck, anagonja ku Abercorn, komwe pano ndi Mbala, pa 25 Novembala 1918, Nyasaland yokha inapereka asilikali pafupifupi 19,000 koma onyamula katundu pafupifupi 200,000, ambiri mochita kukakamizidwa. Ankafa ndi kamwazi, malungo, chibayo, njala, kutopa, kenako chimfine choopsa cha mu 1918 chinabwera nkumalizitsa. Ambiri anaikidwa mmbali mwa njira pomwe anagwera.

Webusaiti yomwe mwana wanu anasakapo ndi ya Commonwealth War Graves Commission, bungwe lomwe linayamba mu 1917 ndipo limasunga maina a anthu pafupifupi 1.7 miliyoni. Bungwe lomweli mu Epulo 2021 linatulutsa lipoti lovomera kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, ambiri a ku East Africa ndi Egypt, omwe anafa pa nkhondo yoyamba sanakumbukiridwe ndi maina awo kapena sanakumbukiridwe nkomwe, ndipo linanena poyera kuti tsankho linalipo pa ziganizo zimenezo. Azungu ankapatsidwa mwala wa dzina aliyense, anthu akuda anawamangira zipilala zopanda maina ngati zomwe zili ku Nairobi, Mombasa ndi Dar es Salaam. Boma la Britain linapepesa mu nyumba ya malamulo mwezi womwewo. Pamwamba pa zimenezo, mu 1919 moto unatentha maofesi a boma a Secretariat ku Zomba ndipo mapepala ambiri a zaka za nkhondozo anapsa. Nde mukuona nokha kuti agogo anu anali mgulu la anthu omwe poyamba sanalembedwe bwino, kenako zochepa zomwe zinalembedwazo zina nkupsa.

Sindikuuzani kuti dzina lipezeka, koma njira zoyesa zilipo. Chichokereni lipoti lija bungweli lakhala likusakanso maina mmaofesi osunga mapepala akale a maiko a kuno ku Africa, ndipo mu Januwale 2025 linatsegula chikumbutso ku Cape Town chokhala ndi maina oposa 1,700 a anthu akuda a ku South Africa omwe anali asanalembedwepo, kotero nkoyenera kumabwereranso pa webusaitiyo pakapita nthawi, komanso kuwalembera kuwauza zomwe banja lanu likudziwa. Ku Zomba funsani mabuku a ma DC a boma lanu, omwe ankasungidwa mmaboma ndipo ankalembamo za anthu otengedwa mmidzi ya mafumu osiyanasiyana. Ku mpingo funsani kaundula wa akhristu wa zaka zimenezo, pena pambali pa dzina ankalembapo kuti munthuyu anafera kunkhondo. Ndipo inuyo bambo, khalani pansi ndi mwana wanu yemweyo, alembe zonse zomwe mukudziwa, dzina la agogo, mudzi, mfumu, yemwe anakuuzani ndi yemwe anamuuza iyeyo, muikepo tsiku ndi kusaina. Akatswiri a mbiri omwe analemba za nkhondo imeneyi ku Malawi anadalira kwambiri mawu a nkhalamba zomwe anacheza nazo mzaka za mma 1970, umboni wapakamwa wolembedwa bwino amaulemekeza.

FUNSO: Ndapeza dzina lofanana ndendende ndi la agogo pa intaneti koma akuti ndilipire kuti ndione zambiri. Ndilipire? Nanga ndidziwa bwanji kuti ndi iwowo? *Wofufuza watsopano*

YANKHO: Musathamangire kulipira achimwene, malizani kaye zaulere. Kusaka pa Commonwealth War Graves Commission ndi kwaulere, koma kumbukirani kuti kumeneko kuli okhawo omwe anafa pakati pa 4 Ogasiti 1914 ndi 31 Ogasiti 1921, kapena pakati pa 3 Seputembala 1939 ndi 31 Disembala 1947, nde ngati agogo anabwerako amoyo nkumwalira atakalamba, munthu wa pamenepoyo si iwo olo dzina lifanane bwanji. Webusaiti yofufuzira makolo ya FamilySearch ndi yaulere, kusaka mu katalogi ya Discovery ya ku Kew nkwaulere, ndipo ngati munthu anagwidwa ukaidi pa nkhondo yoyamba makhadi a International Committee of the Red Cross ya ku Geneva nawonso ali pa intaneti kwaulere. Mawebusaiti a Ancestry, Findmypast ndi Fold3 ndi olipira ndipo ali ndi zinthu zenizeni, koma zambiri ndi za asilikali a ku Britain, America ndi maiko ngati amenewo, choncho onani kaye dzina la mndandanda womwe dzinalo latulukamo, ngati ndi gulu lomwe agogo sakanakhalamo ndalama yanu isungeni. Ngakhale kwa azungu omwewo mapepala si athunthu, mafayilo a asilikali a Britain a nkhondo yoyamba pafupifupi awiri mwa atatu aliwonse anapsa bomba litagwa pa nyumba yosungiramo ku London mu 1940, ndipo ku St. Louis ku America moto wa mu Julayi 1973 unawononga mafayilo pakati pa 16 ndi 18 miliyoni.

Za kutsimikiza, dzina lokha musalikhulupirire. Pakhale zinthu zina ziwiri zogwirizana ndi zomwe mukudziwa kale kuchokera kunyumba, kaya nambala, kaya dzina la bambo awo kapena la mkazi wawo, kaya boma lomwe ankachokera, kaya batalioni. Zikapanda kukwana mulembe mu kope lanu kuti "mwina", pamodzi ndi malo omwe mwazipeza ndi nambala ya fayiloyo, ndipo musaziike kaye pa gulu la WhatsApp la kubanja mpaka chachiwiricho chitapezeka.